Mafupa Aja Sanali Athu

Foni yangayi ili ndi malo ochepa. Sabata iliyonse imadandaula kuti yadzaza, ndiye ndimakhala pansi n'kumafufuta: mavidiyo a m'magulu a WhatsApp, zithunzi za ukwati wa anthu omwe sindiwadziwa n'komwe, ndandanda wa mayeso a chaka chatha. Koma pali zithunzi ziwiri zomwe chala changa chimazilumpha nthawi zonse. Zonse ndi za X-ray, zonse ndinazijambula pa kompyuta ya kuchipatala, ndipo zonse zikuonetsa mafupa a m'chiuno mwa munthu. China ndi cha mayi anga. Chinacho mwini wake sindimudziwa, ngakhale ndinaponya nawo dothi m'manda mwake.

Ndiyambire kumtsinje.

Kwathu ndi ku Balaka, mphepete mwa Shire, kumunsi kwa Liwonde. Mukaima pagombe la kwathu, tsidya linalo ndi Machinga. Akuluakulu mpaka lero sanazolowere kuti awa ndi maboma awiri, paja Balaka anachita kudulidwa kuchoka ku Machinga mu 1998. Achimwene anga, oyamba kubadwa mwa ife asanu, anakwatira tsidya lija n'kukakhala kuchikamwini. Akafuna kubwera kwathu njira zinali ziwiri: kuzungulira pa mlatho wa ku Liwonde n'kulipira kabaza uku ndi uko, kapena kungooloka pabwato, mphindi zochepa basi. Munthu wa ana atatu, wodalira dimba ndi maganyu, mwadziwa kale njira yomwe ankasankha.

Pa 24 Januwale 2022 kunafika namondwe wa Ana. Ambiri mumamukumbukira chifukwa cha mdima, madzi ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Ife timamukumbukira mwamtundu wina. Mvula itadukiza pang'ono, achimwene anaoloka kudzaona ngati nyumba ya mayi yapirira. Anapeza khoma limodzi litagwa. Anachirikiza denga ndi mitengo, anadya nsima ya masana, kenako anati abwerere, ana angade nkhawa.

"Gonani konkuno, bambo. Madziwa sali bwino," anatero mayi.

Iwo anangoseka, amvekere Shire anakulira momwemo.

Bwato linapezeka mawa lake litatembenuzika m'bango. Mwini bwato anapulumuka, anachezera usiku wonse atakakamira nthambi. Achimwene sanaoneke. Tinafufuza sabata ziwiri, anyamata ndi nsungwi zazitali, asodzi ndi maukonde awo. Anthu ankanong'onezana za ng'ona, ife n'kumachita ngati sitikumva.

*

Imfa yopanda mtembo ndi yovuta kuilira. Anthu anabwera, anakhala pabwalo, ena anagona masiku awiri, koma amayi sankadziwa ngati alire mokweza kapena adikire kaye. Pamapeto pake aliyense anabwerera kumunda kwake, ife n'kutsala ndi maliro osayamba, osathanso.

Amene anaona zakuda kwambiri ndi alamu anga. Sanali mkazi wapabanja, sanalinso wamasiye. Abale awo atafunsa za kusudzula, amalume anakana. "Timusudzula bwanji munthu tisanaike? Nanga mwini wake akatulukira mawa, tidzati chiyani?" Ndiye alamu anangokhala choncho, ana atatu pakhomo, akumayankha mafunso omwe iwonso analibe yankho lake.

Mayi sankalankhula zambiri. Foni ikalira ndi nambala yachilendo ankaimirira. Atagulitsa nandolo anapita ku Balaka kukagula nsalu yoyera, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'sutikesi kunsi kwa bedi. Nditawafunsa anati, "Mwananga, ine sindikupempha kuti abwere wamoyo ayi. Ndikungofuna pamalo poti ndizikawalozera adzukulu angawa."

Mu Seputembala, madzi ataphwera, amayi ena okadula bango tsidya la Machinga anaona mafupa atakodwa m'mizu, theka lake lili m'matope ouma. Mchimwene wa alamu anandiimbira ndili m'kalasi. Choko ndinangochisiya patebulo.

Muyenera kumvetsa kuti ku Machinga nkhani ya mafupa a munthu si yoseweretsa. Ndi komweko komwe MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa zaka 22, anasowa mu Malichi 2018, thupi lake n'kupezeka pa 1 Epulo litachotsedwa ziwalo. Khoti lalikulu linapeza anthu 12 olakwa pa mlanduwo mu Epulo 2022, zilango n'kuperekedwa mu Juni, miyezi itatu yokha mafupa athuwa asanapezeke. Choncho amfumu sanalole kuti wina awakhudze. Anaitana apolisi, apolisi anawanyamula n'kupita nawo kuchipatala.

Tinapita awiri, ine ndi amalume. Zomwe tinaona sindizifotokoza zonse. Mutu panalibe, manja panalibe. Panali msana wakumunsi, chiuno ndi ntchafu, zonse zitagwirana ndi minofu youma ndi matope. Panalinso chidutswa cha juzi yabuluu. Achimwene anali ndi juzi yabuluu. Kunena zoona, theka la Balaka lili ndi juzi yabuluu ya pakaunjika, koma tsiku limenelo maganizo otere sanandifikire. Amalume anavula chipewa. "Ndi iyeyu," anatero. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kuwerengera matabwa a bokosi.

*

Adokotala anati sakufuna kukanganula mafupawo ndi manja momwe analirimo, angathyoke. Anati ayambe awajambula. Tinakhala pabenchi panja pa chipinda cha X-ray, limodzi ndi agogo ena otsokomola ndi kamnyamata komwe mkono wake anaumangirira m'chitenje. Patapita nthawi anatiitana.

"Mwati ndinu aphunzitsi? Mumaphunzitsa chiyani?"

"Masamu, Sitandade 7."

"Ndiye timvana msanga. Sunthirani pafupi."

Pa kompyuta panali chinthu chooneka ngati gulugufe woyera. Anatifotokozera kuti chiuno cha munthu chili ngati beseni lobooka pansi. M'mbali muli mafupa awiri akuluakulu otambalala ngati makutu a njovu, kumbuyo kuli fupa la kumapeto kwa msana, ndipo kutsogolo, pachinena, mafupa a m'mbali aja amakumana. Analoza ndi cholembera pansi penipeni pa pomwe akumanirapo. Mafupawo amatsika uku ndi uku ngati denga la nyumba mukaliyang'ana chakumutu.

"Aphunzitsi, ngodya iyi mukuiona? Tatambasulani chala chamkombaphala ndi chapakati."

Ndinatambasula. Panatuluka V wopapatiza.

"Mwamuna nthawi zambiri amakhala chotero. Tsopano tambasulani chala chachikulu ndi chamkombaphala."

Panatuluka mpata waukulu, wozungulira pansi pake.

"Mkazi amakhala chotero. Ndiye yang'anani pa kompyutapo mundiuze nokha."

Sindinayankhe. Denga la pachithunzipo linali lotambasuka, lophwathalala, loti V wa zala ziwiri zija sakanalidzaza.

Sanalekere pomwepo. Anationetsa khomo la pamwamba la beseni lija. Anati la mwamuna limakhala lopanikizika, longa mtima wojambula pakhadi, pomwe la mkazi limakhala lotakata ngati kukamwa kwa mphika. Ili linali la mphika. Anationetsa mabowo awiri a m'munsi, limodzi uku lina uku: a mwamuna amakonda kukhala aakulu, oboola ngati dzira, a mkazi ocheperapo, opita ku makona atatu. Anationetsanso mutu wa fupa la ntchafu, kampira kaja kolowa m'nyung'unyu, n'kunena kuti kwa mwamuna wa msinkhu womwe tinawauza, kampirako kakanakhala kokulirapo.

Chifukwa cha zonsezi, anatero, ndi mutu wa khanda. Mwana wa munthu amabadwa ndi mutu waukulu, ndipo alibe njira ina yodzera koma pakati pa mafupa amenewa. Mtsikana akamatha msinkhu, mafupa akutsogolo aja amatalika, beseni n'kutakasuka. N'chifukwa chake mumamva anamwino akunena za kamtsikana kotenga mimba msanga kuti njira yachepa: thupi limakhala lisanamalize ntchito yake. N'chifukwa chakenso mafupa a mwana wosatha msinkhu ndi ovuta kuwadziwa ngati ndi a mnyamata kapena mtsikana. Koma awa sanali a mwana. Nsonga zake zinali zitalumikizana kale, monga zimakhalira munthu akamaliza kukula.

"Pepani kwambiri. Momwe ndikuoneramu, mafupawa ndi a munthu wamkazi, wamkulu."

"Nanga juzi ija?" anafunsa amalume.

"Juzi savala amuna okha, bambo."

Amalume anavalanso chipewa chawo n'kutuluka. Ine ndinapempha kujambula chithunzicho pafoni, sindikudziwa kuti ndinkati ndikachita nacho chiyani. Anazengereza, kenako anagwedeza mutu.

Tsopano ndinene chomwe ndimachita nacho manyazi. Ndinawatsatira adokotala aja m'khonde. Ndinawauza za mayi, za nsalu ili m'sutikesi, za alamu omwe akhala miyezi isanu ndi itatu osadziwa kuti ndi ndani. Kenako ndinatsitsa mawu.

"Adokotala, mutangolemba kuti ndi mwamuna, angadziwe ndani?"

Ine mphunzitsi, amene ndimalanga ana akamaonerana mayeso. Ndinali wokonzeka ngakhale kupereka kangachepe, chikhala kuti anandipatsa mpata.

Sanakalipe. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Aphunzitsi, kwinakwake kuli anthu akumufunafuna mayi ameneyu monga mukufunira achimwene anu. Ndikalemba zomwe mukunenazo, mukamuika kwanu ndi dzina la mwamuna, iwo sadzamupezanso. Komanso achimwene anu akadzapezeka mawa, mudzawaika pati?"

Za DNA tinafunsa. Titamva zofunika ndi mtengo wake, ine ndi amalume tinangoyang'anana.

*

Usiku umenewo sindinapite kwa mayi. Ndinagona kunyumba ya kusukulu, n'kugula bandulo. Cholinga changa chinali chimodzi: kupeza umboni woti adokotala alakwitsa.

Ndipo ndinaona ngati ndaupeza. Masamba ambiri a pa intaneti, otengera mabuku akunja, ankati ngodya ija ikachepera madigiri 90 ndi ya mwamuna, ikaposa ndi ya mkazi. Koma ndinapeza kuti nkhaniyi inafufuzidwapo konkuno. Ku College of Medicine ku Blantyre, yomwe pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, akatswiri a za kapangidwe ka thupi, Boniface Msamati ndi Patrick Igbigbi, anakhala akuyeza zithunzi za X-ray za Amalawi. Mu 2000 anasindikiza zomwe anapeza poyerekeza kutalika kwa mafupa awiri a m'chiuno, lakutsogolo ndi lokhalira: lakutsogolo linali lotalikirapo mwa akazi, lokhalira mwa amuna. Mu 2005, pamodzi ndi mnzawo Manda, anasindikiza mu East African Medical Journal za ngodya yomwe ija. Pa zithunzi zomwe anayeza, amuna a ku Malawi kuno ankakhala cha pa madigiri 99, akazi cha pa 129.

Ndinadzuka pabedi. Madigiri 99! Ndiye kuti mwamuna wamba wa kuno, mutamuyeza ndi lamulo la 90 lija, mukhoza kumutcha mkazi. Bwanji ngati adokotala anaphunzira mabuku akunjawo? Bwanji ngati achimwene anali ndi chiuno chotakata chabe?

Ndinatenga protractor ya m'kalasi, yomwe ija ndimaphunzitsira ana kuyeza ngodya. Ndinakulitsa chithunzi pafoni, n'kuisanjika pagalasi, tochi ili kukamwa. Ndinapeza 134. Ndinati dzanja lanjenjemera. Ndinayezanso: 131. Kachitatu: 135.

Ndikudziwa kuti kuyeza kotere si kwa nzeru. Chithunzi chojambula pa kompyuta ndi foni chimapendekeka, ndipo ngakhale X-ray yeniyeniyo imasintha malinga ndi momwe chiuno chagonekedwera. Koma ngakhale ndikanachotsapo madigiri khumi kuti ndidzikomere mtima, nambalayo inali kutali ndi 99. Muyeso wa kwathu womwe ndinkati undipulumutsa unangobwereza mawu a adokotala.

Ndinawerengabe mpaka tambala woyamba. Ndinaphunzira kuti akatswiri a mafupa sakonda kunena kuti atsimikiza, amati ayerekeza, chifukwa alipo amuna a chiuno chotakata ndi akazi a chiuno chopapatiza, ndipo pakati pamakhala anthu ovuta kuwaika mbali. N'chifukwa chake sadalira chizindikiro chimodzi. Ndinaphunzira kuti pa mafupa onse a munthu, chiuno ndicho chimanena zoona kwambiri pa nkhaniyi, kuposa ngakhale chigaza. Mu 1969 katswiri wina wa ku America, T. W. Phenice, anaonetsa kuti poyang'ana zizindikiro zitatu zokha pafupa lakutsogolo lija, munthu akhoza kulondola pafupifupi ka 96 pa 100. Ine ndinakakamira 4 wotsalayo sabata yathunthu, ngati mwini bwato uja panthambi. Koma adokotala anali atationetsa zizindikiro zinayi, zonse zoloza kumodzi.

Ndinawerenganso kuti ku Bern, ku Switzerland, kuyambira cha m'ma 2000 madokotala anayamba kupima mitembo ndi makina a CT, omwe amajambula thupi m'magawomagawo, kompyuta n'kumanga chiuno chonse choti uchitembenuze mbali iliyonse popanda kucheka munthu. Ndinaganiza za kwathu kuno, komwe mabanja ambiri, makamaka abale athu achisilamu, safuna kuti thupi ling'ambidwe ndipo amafuna kuika msanga. Makina otere akanathetsa mikangano yambiri ya pakhomo la mochale. Ife tinali ndi X-ray wamba, ndipo pa funso lathu inakwanira.

China chomwe chinandikhudza ndi ichi. Manambala aja, 99 ndi 129, sanagwe kumwamba. Anachokera pa zithunzi za anthu wamba omwe anajambulidwa kuchipatala pa zifukwa zawozawo, n'kubwerera kwawo osadziwa kuti ziuno zawo zidzakhala muyeso wothandiza kuzindikira akufa. Wina mwina anali wogulitsa tomato ku Limbe, wina mlonda. Usiku umenewo onsewo anaima mbali ya mayi wosadziwika uja, kutsutsana ndi ine.

*

Mayi ndinawapeza akusankha mpunga palichero. Anali atamva kale kwa amalume, koma anafuna kumva kwa ine. Ndinawafotokozera zonse, mpaka za zala zija. Anayesa okha, chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kuyang'ana mpatawo kwa kanthawi.

"Ndiye ndi mzimayi."

"Eya, mayi."

"Anabereka?"

Funso limeneli ndinali nditalifufuza kale, chifukwa nanenso linandibwerera. Kale akatswiri ankakhulupirira kuti timaenje tina ta pafupa la chiuno timasonyeza kuti mkazi anaberekapo. Pambuyo pake zinaoneka kuti timapezekanso mwa akazi osabereka, ngakhale mwa amuna ena, ndipo ena obereka alibe. Ndinawauza kuti zimenezo fupa silinena.

"Kaya anabereka kaya sanabereke," anatero mayi, "iyeyo anachita kuberekedwa."

Anabwerera kumpunga wawo. Sanalire tsiku limenelo.

Uthenga unapita kwa mafumu a mbali zonse ziwiri za mtsinje. Ine ndinaulemba m'magulu onse a WhatsApp omwe ndilimo: aphunzitsi, a mpira, a kwathu okhala ku Joni. Mzimayi wamkulu, juzi yabuluu, wapezeka m'bango kumunsi kwa Liwonde. Palibe anabwera. Shire ndi wautali, amachokera kunyanja, kudzera ku Mangochi ndi ku Malombe, ndipo mitsinje ing'onoing'ono yambiri imathiramo. Mwina anachokera kutali. Mwina kwawo anaganiza kuti anathawa banja, kapena kuti anapita ku Mozambique. Mwina omufuna analipo, koma alibe foni. Chomwe chinkandisowetsa tulo n'chakuti achimwene tinawafufuza mudzi wonse sabata ziwiri, pomwe mayi ameneyu zikuoneka ngati palibe anamufufuza kufika kuno.

Patapita masabata angapo tinamva kuti aboma akamuika, monga amachitira ndi mitembo yosowa abale. Mayi anakoka sutikesi ija kunsi kwa bedi.

"Mayi, nsaluyo si ya achimwene?"

"Achimwene ako akadzapezeka tidzagula ina. Maliro n'kulirana."

Tinazungulira pa mlatho, paja mayi sanakwerenso bwato chichitikire ngozi ija. Alamu anatipeza komweko. Sitinkadziwa ngati malemuwo anali Msilamu kapena Mkhristu, koma alamu, omwe ndi Asilamu, anati nsanda yoyera palibe angaikane. Awiriwo, mpongozi ndi mpongozi wake, anapempha chilolezo n'kukulunga mafupawo okha. Okumba manda anaima pambali, makasu m'manja. Tonse tinalipo anthu osakwana khumi. Dothi loyamba litagwa, mayi analira. Analira kulira konse komwe anakusunga kuyambira Januwale, alamu n'kulandira, mpaka mmodzi wa okumba aja anatembenuka kuyang'ana kumbali. Ankalirira ndani, musandifunse. Ndikuganiza kuti onse awiri.

*

Chithunzi chachiwiri ndi cha 2024. Mayi anagwa pakabaza akuchokera kumsika, n'kumadandaula m'chiuno. Tinapita nawo kuchipatala ndili ndi mantha, chifukwa munthu wachikulire akathyoka nyung'unyu nthawi zambiri sayendanso bwino. Mwamwayi fupa linali lonse, kunali kusupuka ndi kutupa chabe.

Koma chithunzi chitangotuluka pa kompyuta, ine ndinasiya kumva zomwe wojambulayo ankanena. Gulugufe yemwe uja. Denga lotambasuka lija. Khomo la mphika lija. Maso anga anali ataphunzira kuwerenga, ndipo nthawi ino ankawerenga mayi anga. Ndinayang'ana mpata wa pakatiwo n'kuganiza kuti tonse asanu tinadzera pamenepa, achimwene patsogolo, kutitsegulira njira enafe. Zinali zachilendo kuona ndi maso malo omwe aliyense amadziwa kuti anadzerapo koma saganizako. Ndinachita manyazi pang'ono, ngati ndalowa kuchipinda kwa makolo osagogoda. Komabe ndinajambula.

Ndinakumbukiranso zomwe ndinawerenga usiku wa protractor uja. Mu 2016 akatswiri a ku yunivesite ya Zurich anasindikiza zomwe anapeza atayeza zithunzi za CT za anthu 275, kuyambira makanda mpaka nkhalamba. Anaona kuti chiuno cha mkazi chimatakasuka kuyambira pakutha msinkhu, n'kufika pachimake cha m'zaka za 25 mpaka 30, kenako akapitirira zaka 40 chimayamba kubwerera pang'onopang'ono. Ndiye kuti chomwe ndinkaonacho sichinali ndendende chiuno chomwe chinabereka achimwene. Khomo linali litayamba kutsekeka, ntchito itatha. Protractor sindinaitenge ulendo uno. Panalibe choti nditsutse.

Madzulo ake, ali gone pamphasa, mayi anati ndiwaonetse. Ndinawapatsa foni. Anayang'ana, kenako chala chawo chinatsetsereka mwangozi, n'kufika m'chikwatu momwe ndimasungira zithunzi ziwirizi. Zinaoneka pamodzi, china kumanzere china kumanja.

"Changa ndi chiti?"

Ndinati ndiloze, n'kupeza kuti nanenso ndakayika. Pazithunzi zazing'onozo matope ndi zina zonse sizinkaoneka, kunangotsala magulugufe awiri ofanana. Ndinachita kuyang'ana madeti.

"Ichi, mayi."

Anayang'anabe zonse ziwiri.

"Ngati pachibale, eti," anatero, n'kundibwezera foni.

Alamu anasudzulidwa mu 2023, akuluakulu a mbali zonse atakhala pansi n'kugwirizana kuti munthu wamoyo sangadikire mtsinje mpaka kalekale. Achimwene sanapezeke mpaka lero. Nsalu ina mayi sanagule. Amati adzagula ikadzafunika.

Nthawi zina ndimaganiza za mmene zinthu zikanakhalira adokotala aja akanandimvera chisoni cholakwika. Bwenzi pano kumanda a kwathu kuli mtanda wolembedwa dzina la achimwene, ife tikulambula chaka ndi chaka, ana akukula akudziwa kuti bambo awo agona apo. Bwenzi aliyense ali ndi mtendere kupatula ine, wodziwa chomwe chili pansipo. Sindinganame kuti sindinalakelakepo mtendere umenewo. Koma ndimaphunzitsa ana kuti ngodya ndi ngodya, siisintha chifukwa choti wayeza akufuna yankho lina, ndipo pano ndikamanena zimenezi m'kalasi mawu amandigwira pakhosi.

Mvula ikatha, udzu ukauma, mayi amatenga khasu ndi adzukulu awo atatu, n'kukwera minibasi kuzungulira pa mlatho. Amakalambula pamanda opanda dzina aja. Chaka chatha ndinapita nawo. Wamng'ono kwambiri, yemwe anali kumsana pomwe bambo ake ankasowa, anafunsa ngati adadi ali pamenepo.

"Ayi," anatero mayi. "Apa pagona mlendo wathu. Bambo ako ali kumadzi. Tiye, zula udzuwo."